Kutseka Mipata ya Mphepo M'mazenera Akale a ku Britain

Munthu wokulira ku Malawi saona chachilendo mphepo ikamalowa m'nyumba mazenera ali chitsekere. Amisiri athu pomanga amasiya dala timabowo pamwamba pa zenera, ndipo nyumba zambiri za m'tauni zili ndi magalasi a malouvre amene ngakhale muwatseke chotani, mphepo imapezabe polowera. Sitidandaula nazo chifukwa chimene chimatisautsa kwambiri ndi kutentha kwa mu Okutobala. Chisanu cha mu Juni ndi Julayi timangochipirira ndi juzi ndi bulangete. Ku Britain zinthu n'zosiyana. Kumeneko, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Epulo, banja limalipira ndalama kuti mpweya wa m'nyumba ufunde, ndipo mpweya wofundawo ukathawira panja ndiye kuti ndalama zathawa. Abale athu amene amapita kukagwira ntchito kapena kukaphunzira ku Manchester, Leeds, Glasgow ndi mizinda ina, kawirikawiri amafikira m'nyumba zakale zalendi, ndipo m'nyumba zoterezi ndi momwe vutoli lakula. Chimangirizo chino chikufotokoza chifukwa chake mazenera akale amalowetsa mphepo, kukula kwa zimene zimatayika, momwe mipata imatsekedwera, komanso mipata ina imene siyenera kutsekedwa ngakhale kunja kuzizire chotani.

Zenera lotsetsereka ndi moto wa malasha

Pafupifupi nyumba imodzi mwa nyumba zisanu zilizonse ku England inamangidwa chisanafike chaka cha 1919. Zambiri mwa izo ndi nyumba zanjerwa zogundizana makoma, zondandana msewu wonse, zimene zinamangidwira anthu ogwira ntchito m'mafakitale m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, amene analamulira kuyambira 1837 mpaka 1901. Zenera lotchuka m'nyumba zimenezi eni ake amalitcha sash, ndipo linayamba kuoneka m'dzikolo m'zaka za m'ma 1670.

Zenera limeneli silitsekulidwa ngati chitseko. Lili ndi zigawo ziwiri zamatabwa, chilichonse ndi magalasi ake, china chakumwamba china chakumunsi, ndipo zigawozi zimatsetsereka chokwera ndi chotsika m'tinjira ta m'felemu. M'mbali mwa felemu muli mphako, ndipo m'mphakomo mumalendewera zitsulo zolemera zomangidwa ku zingwe. Chingwe chimadutsa pa kawilo kamene kali pamwamba n'kukagwira chigawo cha zenera, kotero kuti mukachikankhira m'mwamba chimaima pomwe mwachisiya, osagwa. Amene analipanga anaganiza mozama. M'nyengo yotentha mukatsekula pang'ono kumwamba ndi pang'ono kumunsi, mpweya wotentha umatulukira pamwamba pamene wozizira ukulowera pansi, ndipo chipinda chimapita mphepo popanda fani.

Koma chinthu chilichonse chotsetsereka chimafuna mpata. Thabwa limafufuma kukakhala chinyezi, choncho kalipentala ankasiya mamilimita awiri kapena atatu kuzungulira chigawo chilichonse kuti chisamakanirire. Pakatha zaka zana limodzi, matabwa amaperepeseka, nyumba imakhazikika mopendekeka pang'ono, felemu limapotoka, ndipo mpata uja umakula. Mamilimita atatu amaoneka ochepa mpaka munthu atawerengera. Titenge zenera la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 1.7 kutalika. Mbali ziwiri zoimirira zikutipatsa mamita 3.4. Mizere yopingasa ilipo itatu, wapamwamba, wapansi ndi wapakati pamene zigawo ziwiri zimakumana, ndipo imeneyi ikutipatsa mamita atatu. Pamodzi ndi mamita 6.4. Tikachulukitsa ndi mamilimita atatu tikupeza masikweya sentimita 192, lomwe ndi bowo la pafupifupi masentimita 14 mbali zonse. Palibe munthu amene angagone m'chipinda chokhala ndi bowo lotha kulowetsa dzanja lonse pakhoma osalitseka. Koma bowo lomwelo likamwazikana kuzungulira zenera, anthu amakhala nalo zaka ndi zaka osaliona.

Tisafulumire kunena kuti amisiri akalewo anali osadziwa ntchito. Nyumba zimenezi zinkafunda ndi moto wa malasha woyaka poyera m'chipinda, utsi wake n'kumatulukira pachumuni. Moto wotere umakoka mpweya wambiri, ndipo mpweyawo ukasowa polowera moto umazirala, utsi n'kubwerera m'nyumba. Nyale zambiri zinali za gasi kapena makandulo, zimenenso zimadya mpweya. Choncho mipata ya m'mazenera inali ndi ntchito yake, ndipo malasha anali otsika mtengo. Zinthu zinasintha pambuyo pa chiutsi chimene chinakuta mzinda wa London mu Disembala 1952 n'kupha anthu zikwizikwi. Mu 1956 boma linakhazikitsa lamulo loletsa utsi wa malasha m'madera ena a m'mizinda. Kenaka gasi atapezeka pansi pa nyanja ya North Sea m'zaka za m'ma 1960, nyumba zambiri zinayamba kufunda ndi madzi otenthetsedwa ndi gasi, oyenda m'mapaipi kupita ku zitsulo za pakhoma zotchedwa maradiator. Moto wofuna mpweya unazima, koma mipata yomwe inkaudyetsa inatsala pomwepo.

Zimene zimatayika

Zinthu ziwiri ndizo zimakankha mpweya kudutsa m'mipata. Choyamba ndi mphepo ya kunja, imene imakankha mpweya wozizira kulowa mbali imene ikuomba n'kumakoka wofunda kutuluka mbali inayo. Chachiwiri chimachitika ngakhale kunja kuli bata. Mpweya wofunda ndi wopepuka kuposa wozizira, n'chifukwa chake utsi wa pamoto umakwera. M'nyumba yosanjikizana mpweya wofunda umakwera masitepe n'kukatulukira m'mazenera a m'zipinda zapamwamba ndi m'mipata ya kudenga, ndipo m'malo mwake mpweya wozizira umakokedwa kulowa pansi. Apa pali chinthu chimene anthu ambiri amachiphonya. Munthu amamva chisanu pabalaza, pansi, ndiye amalimbana ndi mazenera a pabalazapo. Samva kanthu m'zipinda zapamwamba poti kumeneko mpweya ukutuluka, sukulowa. Chonsecho potulukira paja ndi pamene pakukoka chisanucho.

Kuti tione kukula kwa vutoli tiyeni tiwerengere chipinda chimodzi. Kutenthetsa kiyubiki mita imodzi ya mpweya ndi digiri imodzi kumafuna pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a wati pa ola limodzi, ndiye kuti 0.33. Chipinda cha mamita anayi m'litali, anayi m'lifupi ndi atatu kutalika chili ndi makiyubiki mita 48. Tiyerekeze kuti m'kati muli madigiri 20 ndipo kunja kuli madigiri 5, kusiyana kwa madigiri 15. Ngati mpweya wonse wa m'chipindamo ukusinthika kamodzi pa ola, mphamvu yotayika ndi 0.33 kuchulukitsa ndi 48 kuchulukitsanso ndi 15, zomwe ndi mawati pafupifupi 240. Chipinda cholowa mphepo kwambiri chikhoza kusintha mpweya kawiri pa ola, pamene thanzi la anthu limangofuna pafupifupi theka la kusintha kumodzi. Kusiyana kwake ndi mawati pafupifupi 360. Ngati chipindacho chikutenthetsedwa maola 10 patsiku, ndiye kuti mayuniti 3.6 akupita pachabe, mayuniti omwewa amene timagula pamita ya magetsi kuno kwathu. Pa masiku 180 a nyengo yozizira akukwana mayuniti pafupifupi 650.

Mtengo wa mayuniti amenewa umasinthasintha. Mu Okutobala 2021 bungwe la Ofgem, limene limayang'anira mitengo ya gasi ndi magetsi, linaika malire oti banja wamba lizilipira pafupifupi £1,277 pachaka. Pofika Epulo 2022, nkhondo ya ku Ukraine itayamba, malirewo anakwera kufika pa £1,971, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho boma linalowererapo kuti bilu ya banja wamba iime pa £2,500. Pa nthawi imeneyo yuniti ya gasi inali pafupifupi mapeni 10 ndipo ya magetsi inali mapeni 34. Tikatengera mitengo imeneyo, mayuniti 650 aja ndi ndalama zokwana £65 kwa wotenthetsa ndi gasi, koma zoposa £200 kwa wotenthetsa ndi magetsi. Ichi n'chitsanzo chowerengera chabe, ndipo si mphepo yonseyo imene imalowera pazenera. Ina imalowera pansi pa chitseko, m'mipata ya matabwa a pansi ndi pachumuni chimene chinasiya kugwira ntchito. Komabe chikuonetsa kuti amene amapwetekeka kwambiri ndi wokhala m'kachipinda kalendi kotenthetsa ndi hita ya magetsi, yemwenso nthawi zambiri ndiye wochepekedwa.

Phindu lina siliwerengeka mosavuta. Mpweya woyenda umaziziritsa khungu kuposa mpweya wongokhala, ngakhale yonse iwiri ili pa madigiri ofanana. Munthu akamva kamphepo m'khosi amakweza chotenthetsera. Kamphepoko kakatha, amakhutira ndi madigiri 19 pamene kale ankafuna 21. M'chitsanzo chathu chija, kutsitsa digiri imodzi yokha kumachotsa gawo limodzi mwa magawo 15 a mphamvu yotayika, ndipo kumachotsa m'nyumba yonse, m'makoma ndi kudenga komwe. Kutsitsaku kuli ndi malire ake. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti m'mayiko ozizira nyumba isatsike kupitirira madigiri 18, ndipo okalamba, makanda ndi odwala amafuna kufunda koposa pamenepo.

Kupeza mpata ndi kuutseka

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mpata umafunidwa tsiku lamphepo, zitseko ndi mazenera zonse zili zotseka. Ena amanyowetsa kuseri kwa dzanja n'kumaliyendetsa pang'onopang'ono m'mphepete mwa felemu, poti khungu lonyowa limamva kamphepo msanga. Ena amayatsa kamtengo ka lubani n'kumayang'ana kumene utsi ukupita, ndipo njira imeneyi ili ndi ubwino woti imaonetsanso pamene mpweya ukutuluka. Kandulo sayenera kugwiritsidwa ntchito pafupi ndi makatani. Njira ina ndi kupana pepala ndi zenera: likasololoka mosavuta zenera lili chitsekere, pamenepo pali mpata. Pofufuza pafunika kusamala ndi chinthu china chonyenga. Galasi lozizira limaziziritsa mpweya umene wagundana nalo, mpweyawo umalemera n'kutsetsereka kutsika mpaka pansi, ndipo munthu wokhala pafupi amamva ngati mphepo ikulowa chonsecho palibe bowo lililonse. Chisanu choterechi sichitha ndi kumata. Mankhwala ake ndi ena, ndipo tiwatchula kutsogoloku.

Mipata ili ya mitundu iwiri ndipo kuisokoneza ndiko kumaononga mazenera. Pali mipata ya pakati pa zinthu zosayenda, monga pakati pa felemu ndi khoma, kapena pakati pa galasi ndi thabwa lake. Imeneyi imamatidwa kotheratu. M'kati mwa nyumba, mng'alu wa pakati pa felemu ndi pulasitala umadzazidwa ndi phala lomatira la m'chubu limene limalola kupakidwa penti likauma. Galasi limagwidwa ndi putty, phala lopangidwa ndi choko ndi mafuta a mbewu ya linseed. Putty akakalamba amauma n'kumagwa zidutswazidutswa, ndipo galasi limayamba kulira gwedegwede mphepo ikaomba. Wakaleyo amagobedwa mosamala, thabwa limapakidwa penti woyamba kuti lisamwe mafuta, kenaka amamata watsopano n'kumusiya kuti agwire asanapake penti pamwamba.

Mtundu wachiwiri ndi mipata ya pakati pa zinthu zoyenda. Imeneyi simatidwa, chifukwa zenera liyenera kutseguka, makamaka kukabuka moto m'nyumba. Pamenepa pamaikidwa chinthu chofewa chimene chimadzaza mpata koma n'kumalola zenera kuyenda. Pa zenera la mahinjesi, lotseguka ngati chitseko, amamata timalamba ta labala kapena ta siponji m'felemu kuti zenera likatsekedwa lizitipana. Ta siponji ndi totsika mtengo koma timaphwanyika pakangotha nyengo imodzi kapena ziwiri, pamene ta labala timakhalitsa. Kunenepa kwake kuyenera kulingana ndi mpata. Tikachepa mphepo imadutsabe, tikanenepa kwambiri zenera limatsekedwa mokakamiza ndipo mahinjesi ndi chokowera chake zimapindika. Malo omatapo ayenera kutsukidwa ndi kuuma bwino, apo ayi timakanganuka sabata isanathe.

Pa zenera lotsetsereka siponji siithandiza m'mbali, poti zenera likamakwera limaikwekwesa n'kuichotsa. Pamenepo pamafunika timizere taubweya ngati ta burashi yofewa. Mmisiri wodziwa amachita motere. Amazula timatabwa topyapyala ta m'kati timene timaletsa chigawo chakumunsi kugwera m'chipinda, n'kutulutsa chigawocho. Kenaka amazula kathabwa kolekanitsa tinjira tiwiri tija n'kutulutsanso chakumwamba. Zigawo zili pansi, amapala penti wounjikana, amakonza mfundo zimene zakhwepa, amadula malo owola n'kulumikizapo thabwa labwino, ndipo amasintha zingwe zothetheka. Akatero amasema kangalande kakang'ono pamwamba, pansi ndi pamzere wapakati n'kulowetsamo ubweya uja, ndipo timatabwa tija amabwezerapo tatsopano tokhala kale ndi ubweya wake. Zenera likabwerera m'malo mwake ubweyawo suoneka, limatsetsereka mofewa kuposa kale ndipo phokoso la mumsewu limachepa. Chotsekera cha pakati nacho n'chofunika kuposa momwe chimaonekera. Ntchito yake si kuletsa akuba kokha. Chimakoka zigawo ziwiri kuti zigundane, ndipo chikakhwepa mpata wapakati umayasama.

Kukonza kuyenera kuyamba, kutseka kubwere pambuyo. Kumata labala pa thabwa lowola n'kutaya ndalama. Mu 2009 bungwe la English Heritage linatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachitikira pa Glasgow Caledonian University, pomwe anayesa zenera lakale lotsetsereka. Anapeza kuti kungokonza zowonongeka kunachepetsa mphepo yodutsa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo ataikamo zotsekera mipata mphepoyo inachepa ndi 86 peresenti. Pokonzapo pali chenjezo limodzi. Penti wakale wa m'nyumba zimenezi kawirikawiri amakhala ndi mtovu, umene ndi poizoni makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera, ndipo kugulitsa penti wotere kwa anthu wamba kunaletsedwa mu 1992. Sayenera kukwechedwa ndi sandipepala ali wouma kapena kuwauka ndi moto, poti fumbi ndi utsi wake ndizo zimalowa m'thupi.

Galasi lokha

Mipata yonse itatsekedwa, galasi limatayabe kutentha. Galasi limodzi limataya mawati pafupifupi asanu pa sikweya mita iliyonse, pa digiri iliyonse ya kusiyana kwa m'kati ndi kunja. Pa zenera lathu lija la masikweya mita 1.7 ndi madigiri 15, amenewa ndi mawati pafupifupi 130. Apa ndi pamene amalonda a mazenera apulasitiki a magalasi awiri amalowera, ndipo n'zoona kuti mazenera awo amataya kutentha kochepa kwambiri, mwina gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a zimene galasi limodzi limataya. Koma chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Kusintha mazenera a nyumba yonse kumadya mapaundi zikwi zingapo, ndalama zimene zimatenga zaka zambiri kuti zibwerere kudzera m'mabilu. Zomatira za pakati pa magalasi awiriwo zikatha mphamvu, nthunzi imalowa pakati ndipo galasi limachita chifunga chosapukutika. Zenera lapulasitiki likakalamba kawirikawiri limachotsedwa lonse, pamene lamatabwa, limene lakhala kale zaka zoposa zana, limadulidwa powola pokha n'kupitiriza ntchito. Kuonjezera apo, nyumba zotetezedwa ndi lamulo chifukwa cha mbiri yake sizisinthidwa mazenera popanda chilolezo cha khonsolo. Kwa ine, kuzula zenera lolimba chifukwa cha mpata wa mamilimita atatu kuli ngati kugwetsa nkhokwe chifukwa khoswe waboola pansi.

Njira zochepetsera kutaya kwa galasi zilipo ndipo zina n'zakalekale. Mu 2008 bungwe limene pa nthawiyo linkatchedwa Historic Scotland linayesetsa njira zingapo pa yunivesite yomwe ija. Makatani okhuthala anachepetsa kutentha kotayika ndi 14 peresenti, zitseko zamatabwa za m'kati mwa zenera zinachepetsa ndi 51 peresenti, ndipo kuika galasi lachiwiri m'kati, lakale lija osalikhudza, kunachepetsa ndi 63 peresenti. Chochititsa chidwi n'chakuti nyumba zambiri zakale zinamangidwa ndi zitseko zoterezi, koma eni ake anazikhomerera kapena kuzimata ndi penti mpaka kuiwala kuti zilipo. Za makatani, afike pansi kapena akhudze pa thabwa la zenera kuti mpweya wozizira usatsetsereke kunsi kwake. Koma ngati radiator ili pansi pa zenera, monga zimakhalira nthawi zambiri, makatani asaiphimbe, chifukwa akatero kutentha konse kumakwera kuseri kwawo n'kukathera pagalasi.

Mipata yosayenera kutsekedwa

Gawo limeneli ndi lofunika kuposa onse, chifukwa kulakwitsa kwa apa kumapha. Mphepo yolowera m'mipata, ngakhale imaba ndalama, imagwiranso ntchito yotulutsa chinyezi. Anthu akamapuma, akamasamba, akamaphika, ndiponso akamayanika zovala m'nyumba poti kunja kukugwa mvula, amathira malita angapo a madzi mumpweya tsiku lililonse. Banja lathu likakhala kumeneko silisiya kudya zakwathu, ndipo mphika wa nyemba wobwata maola atatu umatulutsa nthunzi yoposa ya munthu wongotenthetsa chakudya cha m'paketi. Mpweya wa madigiri 20 wokhala ndi chinyezi cha 60 peresenti umasanduka mame ukakhudza chinthu chozizira kufika pa madigiri 12. Kunja kukakhala pa digiri 0, galasi limodzi limazizira mpaka madigiri asanu kapena asanu ndi limodzi mbali ya m'kati. N'chifukwa chake m'mawa magalasi amapezeka akuchucha madzi. Madziwo amatsikira pa thabwa n'kuliwoletsa. Ena amakamatirira m'ngodya zozizira za khoma ndi kuseri kwa wadiropu, kumene kumamera chuku chakuda.

Chuku chimenechi si nkhani ya maonekedwe chabe. Mu Disembala 2020 mwana wa zaka ziwiri anamwalira m'tauni ya Rochdale, pafupi ndi Manchester, ndipo mu Novembala 2022 wofufuza za imfa anagamula kuti anafa ndi matenda a m'chifuwa obwera chifukwa chokhala nthawi yaitali m'nyumba yachuku. Nyumbayo inalibe njira zokwanira zotulutsira chinyezi. Imfa imeneyi inachititsa kuti mu 2023 Nyumba ya Malamulo ikhazikitse lamulo lokakamiza makhonsolo ndi mabungwe obwereketsa nyumba ku England kukonza vuto la chinyezi ndi chuku m'nthawi yoikika. Nkhaniyi sinayambe ndi kutseka mazenera, koma ikuonetsa chimene chimachitika mpweya wonyowa ukasowa potulukira.

Choopsa china timachidziwa bwino kuno kwathu. Mbaula ya makala ikalowetsedwa m'chipinda chotseka usiku wozizira, imatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Munthu amayamba ndi litsipa ndi chizungulire, amagona, osadzukanso. Chitofu cha gasi, hita ya gasi ndi moto wa nkhuni zimatulutsa mpweya womwewu zikamayaka mopanda mpweya wokwanira. Choncho m'chipinda chimene muli chinthu choyaka moto, kabowo kalikonse kamene kanasiyidwa dala pakhoma kasatsekedwe, ngakhale kakulowetsa chisanu. Kuyambira Okutobala 2022, lamulo la ku England limafuna kuti mwini nyumba yalendi aike kachipangizo kochenjeza za mpweya umenewu m'chipinda chilichonse chimene muli chotenthetsera chokhazikika choyaka moto, kupatula chitofu chophikira cha gasi. Zosayeneranso kutsekedwa ndi njerwa zamabowo za kumunsi kwa khoma lakunja. Izi zimapititsa mphepo kunsi kwa matabwa a pansi pa nyumba, ndipo zikatsekedwa mitanda yonyamula pansipo imawola mwakachetechete. Chimodzimodzi tingalande ta pamwamba pa mazenera amakono, ndi mafani okoka nthunzi a kubafa ndi kukhitchini.

Cholinga cha ntchito yonseyi, tsono, si kusandutsa nyumba botolo. Mpata wa m'zenera uli ndi vuto loti umalowetsa mpweya wambiri tsiku lamphepo, pamene sukufunika, ndipo umalowetsa wochepa tsiku labata ngakhale m'nyumba mukuphikidwa. Kutseka mipata kumachotsa ulamuliro kwa mphepo n'kuupereka kwa wokhalamo, ndipo iye ayenera kuugwiritsa ntchito. Pophika avundikire mphika, atseke chitseko cha kukhitchini ndi kuyatsa fani kapena kutsekula zenera la komweko. Akasamba achite chimodzimodzi kubafa. M'mawa atsekule mazenera a kuchipinda kwathunthu kwa mphindi zisanu kapena khumi. Kutsekula kwambiri kwa nthawi yochepa kumasintha mpweya wonse makoma ndi mipando zisanazizire, ndipo kumataya kutentha kochepa kusiyana ndi kusiya zenera lili pang'ono tsiku lonse. Amisiri ambiri salimbana n'komwe ndi mazenera a kubafa ndi kukhitchini, amawasiya ndi mipata yake. Ngati pambuyo potseka mipata magalasi ayamba kuchucha kuposa kale, chimenecho n'chizindikiro chakuti mpweya wachepa.

Wokhala m'nyumba yalendi

Zambiri zimene tafotokozazi ndi za mwini nyumba. Walendi saloledwa kuzula timatabwa kapena kusema felemu popanda chilolezo, ndipo kukonza zenera lowola kapena galasi losweka ndi udindo wa mwini nyumba. Ndi bwino kumudziwitsa polemba kalata ndi kusunga zithunzi, poti mawu apakamwa amakanidwa. Komabe pali zimene walendi angachite yekha ndi ndalama zochepa, zochotseka tsiku lotuluka. Chopukutira chokulunga ngati nkhata yaitali chikagonekedwa pamzere wapakati wa zenera lotsetsereka chimatseka mpata umene nthawi zambiri ndiwo waukulu. Palinso pulasitiki yopyapyala yoonekera imene imamatidwa pa felemu ndi tepi yomata mbali zonse ziwiri, kenaka n'kuuziridwa ndi chowumitsira tsitsi mpaka itakungika ngati chikopa cha ng'oma. Pulasitikiyi imatseka mipata yonse nthawi imodzi ndipo imasunga mpweya wosayenda pakati pake ndi galasi, zimene zimachepetsanso chisanu chotsetsereka chija. Kuipa kwake n'kwakuti zenera lomatidwa silitseguka nyengo yonseyo, choncho m'chipinda chilichonse pasiyidwe zenera limodzi lotseguka, ndipo lothawirapo moto lisamatidwe. Nyengo yozizira ikatha tepiyo ichotsedwe pang'onopang'ono, ataifunditsa kaye ndi chowumitsira chomwe chija. Ikakokedwa mwamphamvu imanyamula penti wa pafelemu, ndipo mwini nyumba amadula mtengo wake pa ndalama za chikole zimene walendi anapereka polowa.